Kuchoka pa benchi ya labu kupita ku ntchito ya product manager: njira zimene zilipo kwa munthu wa ku Mzuzu

Amene anaphunzira Biomedical pa Mzuni, kapena wagwira zaka zingapo mu labu ya chipatala kaya ya kafukufuku, nthawi ina amayamba kuyang'ana kumakampani opanga ndi kugulitsa zipangizo zoyezera matenda. Udindo umene umatchulidwa kwambiri kumeneko ndi wa product manager. Koma mipando imeneyi ku Mzuzu kulibe, ndipo ngakhale ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndi yosowa. Makina a Roche, Abbott, Cepheid, Sysmex ndi Mindray amapangidwa ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, maofesi oyang'anira chigawo chino cha Africa amakonda kukhala ku Johannesburg ndi ku Nairobi, ndipo kuno katunduyo amafika kudzera mwa ma distributor. Choncho palibe amene amachoka pa benchi lero mawa n'kukhala pampandowo. Pamafunika ntchito ina yapakati, ndiye nkhani yagona poti yapakatiyo ikhale iti.

Zimene muli nazo kale ndi zimene mulibe

Product manager ndi amene amayankha mafunso onse okhudza chipangizo chimodzi kapena gulu la zipangizo: chapangidwira ndani, chizichita chiyani, chigulitsidwe pa mtengo wanji, chilowe bwanji m'dziko, ndiponso chichotsedwe liti pamsika. Ena amakhala kufakitale pamodzi ndi mainjiniya, n'kumalemba zimene chipangizo chatsopano chiyenera kukwanitsa. Ena amakhala kumsika, n'kumaonetsetsa kuti chimene chapangidwa kale chikugulidwa ndi kugwiritsidwa ntchito moyenera. Kwa Mmalawi khomo lotseguka ndi lachiwirili.

Munthu wa mu labu amabwera ndi chinthu chimene anthu a zamalonda amavutika nacho: amamvetsa manambala a mayeso. Tiyerekeze chipangizo cha sensitivity (kugwira amene ali ndi matenda) ya 95% ndi specificity (kuzindikira amene alibe) ya 95%, m'dera limene anthu 20 okha pa 1,000 ali ndi matendawo. Chidzagwira 19 mwa odwala 20, koma mwa anthu 980 abwinobwino chidzanamizira 49. Mwa anthu 68 ouzidwa kuti ali nawo, odwala enieni ndi 19, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Wodziwa kufotokoza zimenezi kwa dokotala wamkulu wa boma popanda kumusokoneza ali kale ndi theka la ntchito.

Theka linalo ndi ndalama. Tiyerekezenso bokosi la reagent (mankhwala amene makina amagwiritsa ntchito poyeza) la mayeso 200 limene likatsegulidwa limakhala masiku 30 pamakina. Chipatala chaching'ono choyeza odwala atatu patsiku chigwiritsa ntchito 90 pamwezi, ma control (masampulo otsimikizira kuti makina akuyeza bwino) awiri patsiku adya ena 60, ndipo 50 otsalawo atayidwa. Mtengo weniweni wa yeso limodzi ndi mtengo wa bokosi kugawa ndi 90, osati ndi 200, kutanthauza kuti ukuposa kawiri umene uli pa kotesheni. Product manager amaona pamenepa n'kupempha fakitale bokosi laling'ono, kapena kulangiza kuti makinawo aikidwe pachipatala chachikulu ndipo zazing'onozo zizitumiza masampulo. Ambiri a pa benchi sanaonepo n'komwe invoisi ya reagent imene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Njira iliyonse pansipa tiiyeza ndi muyeso umenewu: kodi imakufikitsani pafupi ndi kasitomala ndi ndalama?

Application specialist kwa distributor

Iyi ndiye njira imene ife timaiika patsogolo kwa anthu ambiri, ndipo tikhalapo pang'ono. Makina akafika, injiniya amawalumikiza, ndipo application specialist ndiye amaika ma assay (mitundu ya mayeso), kuchita calibration (kuchuna makina kuti aziyeza molondola), kuphunzitsa ogwira ntchito ndi kuthandiza labu kutsimikizira kuti makinawo akupereka zotsatira zoona. Malangizo a CLSI (bungwe lolemba miyezo ya ma labu) amene ambiri amatsatira ndi oti precision, kutanthauza kufanana kwa zotsatira zobwerezedwa, iyesedwe pobwereza sampulo kasanu patsiku kwa masiku asanu, ndipo poyerekeza makina atsopano ndi akale pakhale masampulo a odwala osachepera 40, ena a manambala otsika, ena okwera. Cholakwika chofala n'chotenga masampulo 40 onse kwa anthu abwinobwino. Makina awiriwo amaoneka ogwirizana bwinobwino, kenako tsiku limene kwabwera wodwala impso wa creatinine yokwera ndi pamene kusiyana kumaonekera.

Pambuyo pake mumakhala munthu woimbiridwa foni zinthu zikavuta, ndipo maphunziro enieni ali pamenepo. GeneXpert, imene WHO inavomereza poyezera TB mu December 2010, inapangidwa kuti igwire ntchito m'chipinda chosapyola madigiri 30, ndipo ma cartridge ake amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 28. Ku Mzuzu, kumene June amafuna juzi ziwiri, zimenezi sizivuta kwenikweni. Ku Karonga kapena ku Nkhata Bay mu October, chipinda chopanda air conditioner chimadutsa malirewo dzuwa lisanafike pamutu, ma error amachuluka, ndipo fumbi likatseka mafiluta ma module amayamba kufa limodzi limodzi. Magetsi akathima yeso lili pakati ndipo batire la UPS linatha kale mphamvu, cartridge yatayika ndipo wodwala aperekenso makhololo. Makina a chemistry nawo amafuna madzi oyera kwambiri, moti fyuluta ya madzi ikatopa ma control amayamba kusuntha pang'onopang'ono ndipo a mu labu amaloza chala reagent. Amene wazungulira zipatala za Chitipa, Rumphi, Mzimba ndi Likoma kwa zaka ziwiri akuona zoterezi amadziwa za chipangizocho zimene wopanga wake ku fakitale sakuzidziwa.

Kukhala ku Mzuzu pano kumakuthandizani. Ma distributor ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo kutumiza munthu makilomita oposa 350 pa M1 kudzera ku Kasungu, Jenda ndi Chikangawa, kenako kutsika Chiweta kupita ku Karonga, ndi mafuta, alawansi ndi masiku. Munthu wokhala kale kumpoto, wolankhula Chitumbuka kapena Chitonga, amene ali ndi laisensi yoyendetsera galimoto, amawapepukitsira bajeti. Nenani zimenezi poyera pa intavyu.

Kuopsa kwake n'koti mutha kukhala zaka khumi mukungokonza ma error. Kuti ntchitoyi ikutengereni patsogolo, muyenera kudzikankhira nokha kumbali ya malonda. Lembani dandaulo lililonse la kasitomala mu Excel: chipatala, makina, lot number (nambala ya gulu la katundu wopangidwira limodzi), vuto, chimene chinayambitsa, masiku amene makina anaima. Pakatha miyezi sikisi werengani kuti vuto lobwerabwera ndi liti, n'kulembera bwana tsamba limodzi la chimene chingasinthidwe. Pemphani kuti muzikhala nawo polemba zikalata za tenda, chifukwa ndi mmene mumaphunziramo malamulo a PPDA (bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma), magulidwe a Central Medical Stores Trust, ndi kusiyana kwa chipatala cha boma, cha CHAM ndi cha pulaiveti. Mudzaonanso kuti zoyezera HIV, TB ndi malungo zambiri zimagulidwa ndi ndalama za Global Fund ndi mabungwe ena akunja, ndiye wosankha si mkulu wa labu amene mumacheza nayeyo ayi. Phunzirani kontrakiti ya reagent rental, imene kampani imaika makina osalipiritsa koma chipatala n'kulonjeza kugula reagent yochuluka mwakuti kwa zaka zingapo. Chiwerengero cha mayeso chikalembedwa mokokomeza pongofuna kupambana tenda, kampani ndi imene imalira.

Ndiye pali nkhani ya kwacha. Mu November 2023 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44%, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anapereka kotesheni m'makwacha sabata yapitayo, katundu asanamulipirire kunja, anagulitsa moluza. N'chifukwa chake kotesheni imalembedwa masiku amene mtengowo ugwire ntchito, ndipo oda ya reagent yokhala miyezi yochepa isanathe mphamvu imawerengedwa pamodzi ndi masabata odikira ndalama zakunja kubanki, a paulendo ndi a kukasitomu. Bokosi lofika litatsala ndi miyezi iwiri ndi dandaulo limene likubwera.

Chenjezo limodzi: ngati mudakali pa ntchito ya boma kapena ya CHAM, musagwirire distributor ganyu mobisa pamene labu yanu ikugula kwa iye. Anthu a ntchito imeneyi m'dziko muno ndi ochepa ndipo amadziwana.

Malamulo ndi quality

Amene anakhalapo quality officer, anadutsa mu maphunziro okweza ma labu a SLMTA, anaona labu ikukwera nyenyezi za kauniuni wa SLIPTA kapena kukonzekera muyezo wa ma labu a chipatala wa ISO 15189, ali ndi khomo lina. Opanga zipangizo amatsatira ISO 13485, ndipo poyeza zoopsa za chipangizo amatsatira ISO 14971. Kaganizidwe kake ndi komweko kamene mukukadziwa: zikalata zoyendetsedwa bwino, kulemba chimene chalakwika, kufufuza gwero lake, kukonza, kutsimikiza kuti sichibwereranso. Chowonjezera ndi kudziwa mmene chipangizo chimaloledwera pamsika. Kuno kuli PMRA, nthambi yoyang'anira za mankhwala, imene inalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019. Ku WHO kuli prequalification, imene imaunika zikalata za chipangizo, kuchiyesa mu labu ndi kuyendera fakitale, ndipo ogula akuluakulu amaiyang'ana asanatulutse ndalama. Ku Ulaya lamulo la IVDR linayamba kugwira ntchito mu May 2022 ndipo limaika zoyezera m'magulu A mpaka D, zoyezera HIV zikugwera mu D, gulu lounikidwa mwamphamvu kwambiri.

Ubwino wake ndi woti mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi ya pakompyuta, yotheka muli ku Katoto kapena ku Chibavi bola intaneti ndi magetsi, ndipo odziwa zimenezi m'chigawo chino ndi ochepa. Kuipa kwake, kasitomala simukumana naye ndipo mtengo simuuona. Ambiri amene amalowera uku amakhazikika komweko, ndipo si ntchito yoipa. Koma ngati cholinga chikadali product manager, gwirani mbali ya madandaulo a pamsika ndi kuyesa ma lot atsopano, chifukwa ndi pokhapo pamene quality imakumana ndi wogwiritsa ntchito.

Kafukufuku woyesa zipangizo ndi mabungwe

Kwa amene ali kale mu labu ya kafukufuku, iyi ndiye njira yapafupi. Malawi-Liverpool-Wellcome ndi Johns Hopkins Research Project ku Blantyre, UNC Project ku Lilongwe, ndi MEIRU ku Chilumba ndi malo amene kafukufuku wa zaumoyo wakhala akuchitika kwa zaka zambiri. Mabungwe monga FIND, PATH, CHAI ndi Unitaid amagwira ntchito yapakati pa wopanga ndi unduna: kuyesa chipangizo m'dera lenileni, kuwerengera kuchuluka kofunika, kukambirana mitengo. Chikalata chimene muyenera kuchidziwa pano ndi target product profile, chimene chimaika pa mzere uliwonse malire awiri, ochepetsetsa ovomerezeka ndi abwino koposa: mtundu wa sampulo, mphindi zodikira zotsatira, kutentha kosungira, mtengo, maphunziro a wogwiritsa ntchito. WHO imasindikiza zikalata zoterezi ndipo aliyense atha kuziwerenga kwaulere. Kuwerenga ziwiri kapena zitatu mosamala kumaphunzitsa kaganizidwe ka product manager kuposa kosi yambiri yolipira.

Zitsanzo zili pakhomo pomwe. Kafukufuku wa kudziyeza wekha HIV ndi madzi a m'kamwa amene anachitika ku Blantyre anali mbali ya umboni umene unatsegula msika umenewu, ndipo choyezeracho, OraQuick, chinalandira prequalification mu 2017. Phunziro lalikulu kumeneko silinali la chemistry, linali la malangizo: kodi munthu wosapita patali ndi sukulu awerenga bwino mizere ali yekha m'nyumba? Makina a Pumani othandiza makanda kupuma anapangidwa ndi Rice University mogwirizana ndi madokotala a pa Queen Elizabeth Central Hospital, poganizira mtengo ndi kukonzeka mosavuta. Ndipo pa malungo pali nkhani ya tizilombo topanda jini ya hrp2, timene zoyezera zambiri za pachala sizitiona. WHO imalangiza kusintha mtundu wa choyezera ngati odwala ophonyedwa pa chifukwa chimenechi apitirira 5%. Kusankha nthawi yosinthira ndi funso lenileni la product manager.

Vuto ndi loti ntchito zimenezi zimayendera thandizo la kunja, makontrakiti a chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo zimene zinachitika mu 2025 boma la America litaimitsa ndi kudula thandizo zinaonetsa kuti zimatha mosachenjeza. Chinanso, mu projekiti chipambano chimayezedwa ndi lipoti ndi pepala losindikizidwa, pamene kampani idzakufunsani kuti munagulitsa zingati ndipo phindu linali lotani. Ngati muli m'njira imeneyi, musakhale pa benchi ya projekitiyo basi. Pemphani mbali yoyang'anira bajeti, yoitanitsa katundu, yolemba protocol yopita ku makomiti ovomereza kafukufuku a NHSRC kapena COMREC, ndi yolankhula ndi kampani imene chipangizo chake chikuyesedwa. Munthu amene mumatumizirana naye maimelo kukampaniko nthawi zambiri ndi product manager yemweyo.

Mapulogalamu a pakompyuta a mu labu

Apa dzina la product manager kapena product owner limabwera msanga kuposa kwina konse, ndipo Mzuzu siili kumbuyo: Luke International yakhala ikugwira ntchito ya makompyuta a zaumoyo mumzinda uno kwa zaka zambiri. Olemba mapulogalamu amadziwa code, koma sadziwa chifukwa chimene sampulo imakanidwira, kusiyana kwa nthawi yotenga magazi ndi nthawi yolandira mu labu, kapena chifukwa chake zotsatira siziyenera kutuluka wachiwiri asanazione. Inu mukudziwa. Chofunika kuphunzira ndi kulemba zofuna za ogwiritsa ntchito m'ziganizo zazifupi zoyesedwa, kuziika mu ndondomeko ya chiyambe n'chiti, SQL (chilankhulo chofunsira deta mu database) pang'ono, DHIS2 (pulogalamu yosonkhanitsira malipoti a zaumoyo), ndi mmene makina amatumizira zotsatira kukompyuta kudzera mu HL7 kapena ASTM. Zimene zimalakwika n'zodziwika: pulogalamu yofuna intaneti nthawi zonse pachipatala cha kumudzi, mapepala a barcode akatha anthu n'kubwerera ku rejista, mayina a mayeso olembedwa mosiyana m'zipatala ziwiri moti malipoti sagwirizana.

Dziwani chabe kuti njirayi imakupatutsani ku biotechnology yeniyeni. Pakatha zaka zitatu mudzakhala munthu wa mapulogalamu a zaumoyo, ndipo kubwerera ku ma assay kudzafuna kufotokoza. Kwa amene safuna kusamuka ku Mzuzu chifukwa cha banja, mtengo umenewu ndi wolipirika.

Sukulu ndi masatifiketi

Ambiri amayambira apa chifukwa sukulu ndi imene tinazolowera, koma payokha ndiye njira yofooka kuposa zonse. MBA, monga ya ku MUBAS, imaphunzitsa kuwerenga mabuku a ndalama ndi kukonza mapulani a malonda, ndipo imapindula kwambiri mukaichita muli kale pa imodzi mwa ntchito zili pamwambazi, pamene phunziro la Loweruka mukaligwiritsa ntchito Lolemba. Masters ya kunja kudzera mu Chevening kapena Commonwealth imatsegula maso ndi kukudziwitsani kwa anthu, koma Chevening imafuna zaka ziwiri za ntchito musanapemphe, ndiponso kuti mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri mukamaliza, ndiye si khomo lolowera ntchito ku London. PMP ndi ya oyendetsa maprojekiti, imafuna miyezi 36 ya ntchito yotero kwa amene ali ndi digiri, ndipo project manager ndi product manager ndi anthu awiri osiyana ngakhale otsatsa ntchito ena amawasakaniza. CIM, satifiketi ya za marketing, imathandiza amene akulowera kumsika. PhD imafunika pokhapokha mukufuna mbali ya kufakitale, ndipo ngakhale kumeneko si lamulo.

Za kuyambitsa kampani yanuyanu yogulitsa zipangizo tingonena mwachidule: mudzaphunzira zonse nthawi imodzi, koma ndi ndalama zanu, ndipo wogula wochedwa kulipira miyezi ingapo amagwetsa bizinesi yaing'ono ngakhale mabuku akuonetsa phindu.

Ndiye musankhe iti

Ngati muli ndi zaka ziwiri kapena zitatu pa benchi ya chipatala, mumakonda kuphunzitsa anzanu ndipo ulendo sukuvutani, pitani kwa distributor. Ngati muli mu kafukufuku, musathamangire kuchoka: sinthani mbali ya ntchito muli momwemo, kenako mufunsire kwa mabungwe kapena makampani amene munagwira nawo. Wa quality ayambe ndi ISO 13485. Ndipo palibe choletsa kuphatikiza, mwachitsanzo zaka ziwiri za application specialist kenako MBA ya kumapeto kwa sabata, zimene ife tikuona kuti zimafikitsa munthu pa intavyu ya ku Nairobi kapena ku Johannesburg ali ndi zonena.

CV ya munthu wa mu labu imakonda kukhala mndandanda wa makina amene anagwirapo. Olemba ntchito a mbali iyi amafuna kuona chimene munasintha: masampulo okanidwa anatsika kuchoka pati kufika pati, munaphunzitsa anthu angati, munayerekeza makina ati awiri ndipo labu inasankha ati chifukwa cha lipoti lanu. Manambalawo ali m'marejista ndi m'malipoti a pamwezi, ndiye awerengeni mudakali pantchito, osatenga dzina la wodwala aliyense. Pa intavyu yembekezerani funso longa ili: chipatala chikuti makina athu akupereka zotsatira zolakwika, injiniya akuti makina ali bwino, ndipo tenda ikutsekedwa Lachisanu, muchita chiyani? Yankho labwino limayamba ndi wodwala, kuti zotsatira zokayikitsa ziime kaye, kenako ma control, lot number, kasungidwe ka reagent ndi katengedwe ka sampulo, kenako kudziwitsa wopanga mwa kalata ngati lot ndi imene ikukayikitsa. Amene amayamba ndi tenda walephera.

Musanalembe kalata yosiya ntchito, onani ngati muli ndi bond ya maphunziro amene boma kapena projekiti inakulipirirani, funsani ngati malipiro atsopanowo ndi okhazikika kapena mbali ina ndi komishoni yodikira kuti kasitomala alipire, ndipo funsani amene amalipira mafuta ndi malo ogona mukapita ku Chitipa. Kulembetsa kwanu ku Medical Council of Malawi kusathe: zipatala zimamvera bwino wophunzitsa amene akadali wovomerezeka kugwira ntchito mu labu, ndipo makampani ena amalemba dzina ndi satifiketi yanu m'zikalata za tenda.